Chinkhanira cha m'chikwama cha mkamwini

Laputopu yokhala ndi hard disk ili ndi kaphokoso kake. Imati "kho", n'kukhala chete, kenako "kho". Kushopu kwanga ku Ulongwe sikamveka chifukwa cha njinga zamoto. Koma usiku ku Moatize, magetsi atathima, kamamveka nyumba yonse.

Tinapita kukaonetsa mwana kwa apongozi, anthu a ku Tsangano amene anakhazikika kumeneko chifukwa cha ntchito ya njanji. Unali mwezi wa Novembala, ndipo ine wa ku Angónia kozizira ndinathawira pakhonde kukagona pamphasa. Alamu anga anali atabwereka laputopu yanga kuti aonere mafilimu. Tulo titawagwira anangopinda chivundikiro n'kuibwezera m'chikwama. Laputopu yanga sigona ukaipinda, ndinaitchera choncho kuti izitsitsa mapulogalamu ili chitsekere, ndiye inatsala ikuyaka pa batire.

Pakati pa usiku ndinadzutsidwa ndi tochi kumaso.

"Akamwini, m'chikwama mwanu mwalowa chinthu."

Ndinawapeza apongozi aamuna ataima pabalaza, mpini wa khasu uli m'manja. Apongozi aakazi anagwira tochi atayang'ana kumbali, monga mwa ulemu. Chikwama chinati "kho".

"Chinkhanira," anatero bambowo. "Za kuno n'zazikulu."

Chinkhanira sichilira, aliyense amadziwa. Koma mkamwini sauza apongozi ake usiku kuti sadziwa zinkhanira za kwawo. Ndinayamba ndagwada, n'kuwomba m'manja, n'kuyamba ndi "Pepani bambo, mwina ngati mungalole kuti ndinenepo," ndipo ndisanafike pa mawu akuti kompyuta, mpini unatsika. Phaa! Tonse zii. Chikwama chinati "kho". Anaukwezanso mpiniwo, ndipo amene anapulumutsa makina ndi mkazi wanga, yemwe sanagwade n'komwe: "Ababa, ndi kompyuta imeneyo!"

Chinkaliracho ndi ichi. M'kati mwa hard disk ya laputopu muli mbale yozungulira, nthawi zambiri maulendo 5400 pa mphindi, ndi kamutu kowerenga kamene kamayandama pamwamba pake pa kampata kochepa kwambiri kuposa tsitsi. Makina akagwedezeka mwamphamvu kamutuko kali pambale, kangathe kukanda, mafayilo n'kuwonongeka. Opanga anakonza zoti ntchito ikangoima, kamutu kazibwerera m'mphepete n'kukwera pa kapulasitiki kopumirapo. "Kho" uja ndi kukwera kumeneko. Zimasunga batire komanso kuteteza mbale. Vuto n'loti ma disk ena amafulumira mopitirira. A Western Digital okhala ndi IntelliPark amapumitsa kamutu pakangopita masekondi 8, kenako Windows kapena Linux imafuna kulemba kamzere kamodzi, kamutu n'kutsikanso. Zili ngati mkamwini wogwada nthawi iliyonse apongozi akadutsa: ulemu ulipo, koma maondo amatha. Ma disk ambiri anapangidwa kuti apirire maulendo 300,000 kapena 600,000. Werengani nokha: katatu pa mphindi, maola 8 pa tsiku, ndi 1,440 tsiku limodzi, ndipo 300,000 imakwana miyezi 7 isanathe. Ena amapyola malirewo n'kumagwirabe, koma sindingasungepo zithunzi za ukwati wa kasitomala. Nkhaniyi si yatsopano, anthu ogwiritsa ntchito Ubuntu, mtundu wina wa Linux, anakangana nayo kwambiri mu 2007.

M'mawa ndinatsegula. Sikirini inali itasweka pakati, inki yakuda ili mbwee. Ndinalumikiza laputopu ku TV ya apongozi ndi chingwe cha HDMI, banja lonse litakhala pampando kudikira kuona mtembo wa chinkhanira. Ndinalemba sudo smartctl -a /dev/sda, lamulo la pa Linux loonetsa thanzi la disk. Mizere yofunika ndi yochepa. Wa 9 ndi maola amene disk yayaka, wa 193, Load_Cycle_Count, ndi maulendo a kamutu. Yanga inaonetsa maola pafupifupi 2,000 ndi maulendo 180,000, kutanthauza 90 pa ola. Imeneyo ndi nkhanza. Koma mizere ya 5 ndi 197, yosonyeza malo owonongeka pambale, inali pa 0. Mpini unatsika kamutu kali pa kapulasitiki kake. Khalidwe lomwelo limene linkadya disk yanga ndi limene linaipulumutsa, ndipo fayilo ngakhale imodzi sinasowe.

Kukonza kwake n'kwachidule. Pa Linux, sudo hdparm -B /dev/sda imakuuzani nambala ya APM, yolamulira mmene disk isungira magetsi, yomwe pa batire kawirikawiri imakhala 128. Lembani sudo hdparm -B 254 /dev/sda ndipo ma disk ambiri amaleka kugwadagwada. Nambala ya 255 imazimitsiratu APM, koma ma disk ena amaikana. Musaike kuyambira 1 mpaka 127, chifukwa pamenepo mbale nayo imaloledwa kuima, ndipo mota imayamba kuvutika ndi kuliza pafupipafupi. Chimene chimapusitsa anthu n'choti disk imaiwala nambalayo mukazimitsa makina, kotero pa Ubuntu kapena Debian lembani apm = 254 ndi apm_battery = 254 mu /etc/hdparm.conf. Pa Windows pali pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo. Imaonetsa nambala zomwezi, ngakhale mzere wa 193 imaulemba C1, ndipo ili ndi AAM/APM Control. Yatsaninso Auto AAM/APM Adaptation ndi zoti iziyamba yokha ndi Windows, apo ayi mawa "kho" abwerera. Malo aja a Windows otchererapo mphindi zozimitsira hard disk sathandiza pa vutoli, amaimitsa mbale basi. Ma Western Digital ena samva za APM. Amenewo amafuna idle3ctl -d ya pa Linux, kenako kuzimitsiratu makina, osati kungochita restart.

Musasokoneze "kho" mmodzimmodzi ameneyu ndi kugogoda kotsatizana, makina akukanika kuyaka. Kumeneko ndi disk yoti ikufa, ndipo mankhwala ake n'kukopera mafayilo nthawi yomweyo ngati ikulolabe.

Nambala ya 254 ili ndi mtengo wake. Batire imatha msanga pang'ono, ndipo disk imatentha kuposa kale. Ku Ulongwe zimenezo sizidetsa nkhawa, koma ku Tete ndi ku Moatize, kumene Novembala amapyola madigiri 40, muziyang'ana mzere wa 194, wosonyeza kutentha kwa disk, chifukwa malire a ma disk ambiri ndi madigiri 55 kapena 60. Komanso kamutu kamakhala pambale nthawi zonse, ndiye musanyamule makina akuyaka, ndipo pokwera chapa, minibasi ya kuno, azimitseni. Amene thumba likulola agule SSD, chosungira mafayilo cholowa m'malo mwa hard disk, chimene chilibe kamutu kapena mbale.

Ndinaika 254 pamaso pa onse, makina n'kukhala phee. Apongozi anagwedeza mutu, nati, "Mwaona? Chafa." Anandigwirira tambala wopepesera sikirini, ndipo ndinalandira ndi manja awiri, ngakhale sikirini ya mainchesi 15.6 ya mapini 30 imafuna khola lonse.

Tisananyamuke kunabwera aphunzitsi oyandikana nawo nyumba, laputopu ili kukhwapa. Anandipatsa moni, n'kundidutsa, nakaima pamaso pa apongozi. Anati yawonso imalira usiku, ndipo amva kuti bambo amadziwa pomenya.