Lipoti la ulendo wa ku Hamburg: zionetsero za pa msonkhano wa G20, Julaye 2017

Kwa inu mamembala anzathu amene munatituma, nali lipoti la ulendo wa ku Hamburg, m'dziko la Germany, komwe atsogoleri a mayiko a G20, gulu la mayiko a chuma chachikulu pa dziko lonse, anakumana pa 7 ndi 8 Julaye 2017. Ntchito yathu inali yoonerera ndi kulemba momwe zionetsero zikuluzikulu zimakonzedwera, momwe apolisi amazitetezera kapena kuzibalalitsa, ndiponso pomwe zinthu zimayambira kusokonekera. Tachedwa dala kulemba, chifukwa ziwerengero zotuluka mitu ili yotentha sizikhalitsa.

Choyamba ndi malo. Msonkhano unachitikira mu Hamburg Messe, nyumba za ziwonetsero zamalonda zomwe zili pakati penipeni pa mzinda. Kuchoka pamenepo kukafika ku dera lokhala anthu la Schanzenviertel ndi ulendo wapansi wa mphindi zochepa, ndipo kumeneko, mumsewu wa Schulterblatt, ndi komwe kuli Rote Flora, nyumba yakale ya zisudzo yomwe magulu otsutsa boma ndi eni chuma anailanda mu 1989 ndipo akhalamo mpaka lero. Chichitikire za ku Genoa, ku Italy, mu 2001, komwe mnyamata wina wochita zionetsero, Carlo Giuliani, anawomberedwa n'kufa pa nthawi ya msonkhano wa G8, gulu la mayiko asanu ndi atatu amphamvu pa chuma, misonkhano yambiri yotere inkathawira kumalo obisika monga Kananaskis ku Canada mu 2002 ndi Heiligendamm ku Germany mu 2007. Hamburg inasankha kuitanira alendo pakhomo pa adani awo. Meya wa mzindawu pa nthawiyo, Olaf Scholz, anatsimikizira anthu kuti zonse ziyenda bwino, mpaka kufanizira msonkhanowu ndi chikondwerero cha doko chomwe amachita chaka ndi chaka. Walira mvula walira matope.

Apolisi anakhazikitsa dera la masikweya kilomita pafupifupi 38, kuyambira ku bwalo la ndege kukafika mkati mwa mzinda, momwe zionetsero zinaletsedwa kuyambira Lachisanu m'mawa mpaka Loweruka madzulo, kuti magalimoto a atsogoleri azidutsa momasuka. Germany inabwezeretsanso kwa kanthawi chipikisheni m'malire ake, ngakhale ili m'gulu la Schengen, la mayiko a ku Ulaya omwe anagwirizana kuti anthu azidutsa malire popanda chipikisheni. Sitima yapadera yomwe inanyamula ochita zionetsero kuchokera ku Basel, ku Switzerland, inachedwa maola angapo chifukwa cha chipikishenicho, ndipo ena anabwezedwa. Gulu lililonse lokonza ulendo wotere lisamawerengere kufika tsiku lomwelo la zionetsero. Fikani masiku awiri kapena atatu zisanayambe, pasipoti ili m'thumba la mkati nthawi zonse, ndipo kalata yokuitanani ikhale papepala, osati m'foni mokha.

Mkangano unayambira pa nkhani yogona. Okonza zionetsero anafuna kumanga misasa ya matenti ku Stadtpark ndi ku Altona Volkspark kuti alendo zikwizikwi apeze pogona. Akuluakulu a mzinda anakana, nkhani inakafika ku bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko ku Karlsruhe, ndipo bwalolo linati msasa wotere uyenera kuonedwa kaye ngati msonkhano wotetezedwa ndi lamulo, ngakhale boma likhoza kuikapo malire. Lamulungu pa 2 Julaye, ku Entenwerder, komwe ena anayamba kumanga msasa, apolisi analanda matenti ogonamo ndi kupopera anthu tsabola m'maso. Mapeto ake, matchalitchi ena, nyumba ya zisudzo ya Schauspielhaus ndi timu ya mpira ya FC St. Pauli ndiwo anatsegula zitseko kuti anthu agone. Apolisi ankati misasa ndi mobisalira anthu achiwawa. Ife tikuona kuti kuiletsa kunawachotsera malo amodzi omwe akanatha kulankhulana ndi atsogoleri a magulu, ndipo anthu analowa m'sabata ya msonkhano atakwiya kale.

Pa 5 ndi 6 Julaye tinali ku nyumba ya zisudzo ya Kampnagel, komwe kunachitikira msonkhano wa mabungwe otsutsa, womwe anautsegula ndi Vandana Shiva wa ku India. Mitu yake inali ngongole za mayiko osauka, mapangano a malonda otsegula malire mokomera makampani akuluakulu, kusintha kwa nyengo, ndi othawa kwawo omwe akumira m'nyanja ya Mediterranean. Panakambidwanso ndondomeko ya Compact with Africa yomwe Germany inabweretsa chaka chimenecho yokopa makampani kuti akaike ndalama mu Africa. Otsutsa anafunsa kuti nkhani ya Africa ikambidwa bwanji pamene mu Africa monse South Africa yokha ndiyo inali membala wa G20, ndipo Alpha Condé ndi Macky Sall, omwe pa nthawiyo anali mapulezidenti a Guinea ndi Senegal, anangobwera ngati alendo. Zokambirana zinali zamphamvu, koma pofika Lachisanu panalibenso wailesi yakanema imene inkazikumbuka.

Tsiku lofunika kuliphunzira bwino ndi Lachinayi pa 6 Julaye. Chionetsero chotchedwa Welcome to Hell chinasonkhana ku Fischmarkt, m'mbali mwa mtsinje wa Elbe, anthu pafupifupi 12,000. Chinali cholembetsedwa mwalamulo ndipo njira yake inali yodziwika. Cha m'ma 7 koloko madzulo chitangoyenda mamita mazana ochepa, apolisi anachiimitsa mu Hafenstraße. Chifukwa chimene anapereka ndi chakuti anthu pafupifupi 1,000 ovala zakuda, omwe amatchedwa Black Bloc, anali ataphimba nkhope, zomwe lamulo la zionetsero ku Germany limaletsa.

Taonani pamene anaimitsira. Msewuwo ndi wotsika ngati ngalande. Mbali ya kumtsinje kuli khoma lotchinga madzi osefukira, lotalika kuposa munthu. Mbali inayo kuli nyumba ndi chitunda. Kutsogolo kunali mizere ya apolisi ovala zipewa zolimba, magalimoto opopera madzi ndi galimoto yazitsulo yokankha zotchinga. Kumbuyo kunali khamu lomwe silinkadziwa chomwe chikuchitika kutsogolo, likungokankha. Okonza chionetsero ndi apolisi anakambirana kwa nthawi ndithu, ndipo ambiri a m'mizere yakutsogolo anavula zophimba kumaso. Ena sanavule. Apolisi analowera m'mbali kuti adule ovala zakuda kwa ena onse, ndipo pomwepo mabotolo ndi miyala zinayamba kuuluka, madzi ndi tsabola zikupita kwinako. Anthu anapanikizidwira kukhoma, omwe anali pamwamba akuwakoka m'manja mmodzimmodzi. Kuti palibe amene anaponderezedwa mpaka kufa, unali mwayi chabe.

Apa pali zolakwa ziwiri. Lamulo loletsa kuphimba nkhope lilipodi, ndipo okonza chionetsero ankadziwa kuti ndilo lidzakhale chifukwa. Koma kubalalitsa khamu pamalo opanda potulukira n'kuika moyo wa anthu pachiswe, ndipo kumasandutsa gulu limodzi looneka kukhala timagulu tambirimbiri tosaoneka. Usiku umenewo timagulu tinamwazikira m'misewu ya St. Pauli ndi Schanzenviertel, ndipo apolisi anagwira ntchito yothamangitsa mithunzi. Kwa okonza zionetsero, phunziro lake ndi la mapazi: yendani njira yonse dzulo lake, lembani paliponse pamene msewu ukupanikiza, pali khoma, mlatho kapena mpanda, ndipo musalole kuti mutu wa gulu uime pamalo otere. Pakhale anthu odziwika okhala ndi zokuzira mawu kutsogolo, pakati ndi kumbuyo, chifukwa khamu lakumbuyo likapanda uthenga ndilo limapha lakutsogolo.

Zida za apolisi n'zofunika kuzidziwa. Galimoto yopopera madzi ya mtundu wa Wasserwerfer 10000 imanyamula malita 10,000, ndipo mphamvu yake imagwetsa munthu wamkulu. Ku Stuttgart mu 2010 bambo wina anatsala pang'ono kuchita khungu lotheratu madzi otere atam'menya kumaso. Ikayamba, tembenukani, tetezani maso ndi mutu, chokerani m'mbali osati kuthamangira kutsogolo kwake. Tsabola wopopera amachotsedwa ndi madzi oyera ambiri: wopwetekayo apendeke mutu, madzi athiridwe kuyambira kumphuno kupita kunja kuti asalowe m'diso linalo, ndipo asatikite. Magalasi omata pa diso achotsedwe msanga, kapena asavalidwe n'komwe tsikulo, ndipo mafuta odzola amagwira tsabola pakhungu. Koma chenjerani: ku Germany lamulo lomwelo limaletsanso kubwera ku zionetsero ndi zodzitetezera monga chipewa cholimba kapena chigoba cha utsi. Chimene kwina chimaoneka ngati nzeru, kumeneko ndi mlandu.

Lachisanu pa 7 Julaye m'mawa kunachitika zinthu zitatu zosiyana zomwe manyuzipepala anaziika mumphika umodzi. Panali magulu omwe anagawikana m'mizere ya mitundu yosiyanasiyana, iwo amaitcha zala, n'cholinga chodutsa apolisi ndi kukhala pansi m'misewu ya magalimoto a atsogoleri. Anakwanitsa pang'ono: Melania Trump, mkazi wa pulezidenti wa America, anakanika kutuluka m'nyumba yomwe ankagona, ndipo mapulogalamu ena anachedwa. Panali gulu lina la ovala zakuda lomwe linadutsa mu Elbchaussee ku Altona likutentha magalimoto a anthu wamba ndi kuphwanya mawindo, apolisi kulibe chifukwa anali atatanganidwa kwina. Ndipo ku Rondenbarg, dera la mafakitale, apolisi anakumana ndi gulu lochokera kumsasa wa Volkspark, womwe pamapeto pake unaloledwa. Ife sitinaliko. Apolisi anati anagendedwa, pamene ochita zionetsero anati anawaukira popanda chenjezo. Chosatsutsika n'chakuti anthu pothawa anakwera mpanda wachitsulo womwe unagwa nawo, ndipo oposa khumi anakagonekedwa m'chipatala, ena atathyoka mafupa.

Madzulo ake, atsogoleri ali mu holo ya zoimbaimba ya Elbphilharmonie kumvetsera nyimbo za Beethoven, mu Schulterblatt munali moto. Anthu anazula miyala ya mumsewu, anaunjika zotchinga n'kuziyatsa, ndipo masitolo angapo anathyoledwa. Apolisi anaima kunja kwa maola angapo osalowa. Anafotokoza kuti ankaopa msampha, poti panali anthu pa madenga ndi pa makwerero a nyumba ina yomwe inkakonzedwa pakhomo la msewuwo, omwe akanatha kuponya miyala ndi mabomba a petulo kuchokera pamwamba. Analowa usiku kwambiri gulu lapadera la apolisi lotchedwa SEK litafika ndi mfuti zikuluzikulu. Pa maola amenewo eni nyumba ndiwo ankazimitsa moto ndi kukangana ndi othyola. Tinaona kuti ambiri mwa othyolawo sanali a ndale ayi. Munali achinyamata oledzera ndi ongoonerera, foni m'manja, akudzijambula kutsogolo kwa moto. Ngakhale olankhulira Rote Flora anadzudzula zimene zinachitika usikuwo. Zinali zitachedwa, chifukwa nsomba ikaola imodzi zonse zaola: chithunzi cha sitolo yothyoledwa chinameza nkhani ya ngongole ndi malonda yonse.

Mbali imene tinaphunzirako zambiri ndi ya maloya. Kunali nambala imodzi ya foni ya gulu lothandiza omangidwa, ndipo aliyense ankailemba pa mkono ndi cholembera chosafufutika, popeza foni imalandidwa kapena kutha moto. Woona mnzake akugwidwa ankaimba n'kutchula dzina, malo ndi nthawi basi, osanena chomwe munthuyo wachita. Maloya odzipereka, ovala zowazindikiritsa, ankayenda m'mbali mwa zionetsero. Anthu ankayenda m'timagulu ta anthu ochepa odziwana, aliyense ali ndi mnzake womuyang'anira, atagwirizana kale pokakumana akabalalika komanso pomwe adzalekezere zinthu zikafika poipa. Omangidwa ankapita nawo kumalo osungirako omwe anakonzedwa dala ku Harburg, m'nyumba yakale ya malonda a pikulitsa, ya anthu 400, makhothi ali pambali pomwepo. Lamulo la Germany limati munthu sangasungidwe ndi apolisi kupitirira tsiku lotsatira asanaonekere kwa woweruza. Womangidwa amapereka dzina ndi zomudziwitsa, koma sakakamizidwa kunena za mlandu kapena kusaina chilichonse, ndipo mlendo ali ndi ufulu wopempha womasulira. Maloya anadandaula kuti ankachedwetsedwa kuonana ndi anthu awo. Atolankhani 32 analandidwanso ziphaso zolowera kumsonkhano, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti ena mwa iwo anawalanda potengera mbiri yolakwika.

Loweruka pa 8 Julaye kunali chionetsero chachikulu kuposa zonse, anthu 76,000 malinga ndi okonza, 50,000 malinga ndi apolisi. Chinayenda mwamtendere kupatula timikangano tochepa. Njira inali yotakasuka, oyang'anira analipo okwanira, ndipo apolisi anayenda chapatali. Lamulungu anthu zikwi zingapo anatuluka ndi matsache kukasesa Schanzenviertel.

Pa ziwerengero, samalani. Poyamba kunanenedwa apolisi pafupifupi 20,000, koma pambuyo pake zinadziwika kuti onse pamodzi anali pafupifupi 31,000. Chiwerengero cha apolisi ovulala 476 chinafalikira dziko lonse, kenako zinaululika kuti anawerenga kuyambira mu Juni, kuphatikizapo omwe anafooka ndi kutentha ndi ludzu. Boma la Germany ndi mzinda wa Hamburg analonjeza ndalama zofika mayuro 40 miliyoni zolipirira owonongeredwa katundu, ndipo Scholz anapepesa kwa anthu a mumzindawu pa 12 Julaye.

Mamembala omwe angadzapite ku ulendo wotere adziwe kuti mlendo ndiye amavutika kwambiri akagwidwa, chifukwa khothi limaopa kuti athawira kwawo ndipo limamusunga podikira mlandu. Kutatsala milungu yochepa kuti msonkhano uyambe, lamulo latsopano linakhazikitsa chilango chosachepera miyezi itatu kwa womenya wapolisi. Mlandu woyamba unagamulidwa mu Ogasiti 2017: mnyamata wa zaka 21 wa ku Netherlands anapatsidwa zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi iwiri chifukwa choponya mabotolo awiri ndi kukana kumangidwa. Wina wa zaka 18 wa ku Italy, yemwe anagwidwa ku Rondenbarg, anakhala m'ndende miyezi yoposa inayi, ngakhale sanaimbidwe mlandu woti iye mwini anaponya kanthu.