Zomwe Africa Challenge inasintha pa kawerengedwe kanga

Amene anali ndi kanema pakhomo pakati pa 2008 ndi 2010 angakumbukire mpikisano wa mafunso wa ophunzira a m'mayunivesite wotchedwa Africa Challenge. Unayamba mu 2007 uli ndi dzina la Celtel, kampani ya mafoni yomwe inkaika ndalama, ndipo Celtel itasintha dzina mu 2008 mpikisanowo unadziwika kuti Zain Africa Challenge. Poyamba munali Kenya, Uganda ndi Tanzania basi. Malawi ndi Zambia analowa chaka chachiwiri, kenako Nigeria, Ghana ndi Sierra Leone, maiko nkukwana 8. Wofunsa anali John Sibi-Okumu wa ku Kenya, mkulu wa zisudzo komanso mphunzitsi wa Chifalansa, woyankhula momveka bwino koma wosadikira munthu. Yunivesite yopambana inkalandira madola 50,000, wophunzira aliyense wa timuyo madola 5,000. Mu 2009 chikho chinapita ku yunivesite ya Ibadan ya ku Nigeria, mu 2010 ku Egerton ya ku Kenya. Chaka chomwecho Bharti Airtel inagula bizinesi ya Zain muno mu Africa, ndipo mpikisanowo sunapite patali.

Panopa ndabwerera kusukulu, ndimawerenga madzulo ndikaweruka kuntchito, ndipo chimene chimandibwerera kawirikawiri si ndalamazo ayi. Ndi chigawo chomaliza chija, chomwe ankachitcha Ultimate Challenge. Timu ya anthu atatu inkasankha mutu, nkupatsidwa masekondi 60 kuti iyankhe mafunso 10, lililonse mapointi 50. Timu yomwe yatsalira kumbuyo masewero onse inkatha kudumphira kutsogolo pamenepa. Ife oonerera, titakhala pampando, timakuwa kuti "aaa, chophweka chimenecho!" Koma mukadatifunsa kuti tchulani yankholo, ambiri tikadangoti lili pakamwa pomwepa. Wofunsa akalitchula, m'pamene tonse timagwedeza mutu kuti eya, timalidziwa.

Sitinkalidziwa. Tinkangolizindikira likatchulidwa, ndipo zimenezi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kawerengedwe kamene ambirife tinakula nako pokonzekera MSCE kamadyetsa kuzindikirako: kuwerenga manotsi, kuwabwerezanso, kulemba mzere kunsi kwa mawu, mpaka tsamba lonse lizioneka ngati m'bale wako. Mtima umakhala m'malo chifukwa palibe chachilendo patsambapo. Tsekani bukulo, wina akufunseni, m'pamene mumaona kuti zambiri zinatsalira papepala.

Akatswiri a za maganizo anayesapo zimenezi. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku America anapatsa ophunzira ndime zoti awerenge. Ena anazibwereza kuwerenga, ena anatseka nkulemba zomwe akukumbukira. Atawayesa patangopita mphindi zochepa, obwereza kuwerenga aja anachita bwino. Patatha sabata zinatembenuka: amene anadzivutitsa kukumbukira ndiwo anasunga zambiri. Chimene chimandichititsa chidwi nchakuti njira yothandizayo ndi yomwe imawawa. Ukamadzifunsa wekha umaona ngati sukudziwa kanthu, pomwe kubwereza manotsi kumakunyengerera.

Ndiye ine ndi anzanga a m'kalasi tinayamba kufunsana mafunso pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo tikakumana kumapeto kwa sabata wina amagwira foni kuwerenga nthawi. Lamulo ndi limodzi: buku likhale lotseka mpaka uyankhe kapena uvomere kuti zakukanika.

Pali anthu amene amanyoza mipikisano yotere. Amati nkuloweza chabe, ndipo kudziwa chaka chimene chinthu chinachitika si maphunziro. Mbali ina akunena zoona. Munthu atha kuyankha msanga kuti bungwe la mgwirizano wa maiko a mu Africa la OAU linakhazikitsidwa mu 1963 ku Addis Ababa, ndi kuti African Union inalowa m'malo mwake mu 2002 ku Durban, koma osatha kufotokoza chomwe chinasintha kupatula dzina. Belu la pa mpikisano silipereka mpata wofotokoza. Komabe sindinaonepo munthu wolongosola nkhani mozama mutu uli mbee. Kuganiza kumafuna zipangizo, ndipo zipangizozo ziyenera kukhala pafupi, osati mu foni yomwe yatha moto.

Chimene ndachiona ndekha nchakuti mfundo yoyenda yokha siichedwa kusochera. Tengani malikulu a maiko, funso lomwe silisowa pa mpikisano uliwonse. Ukawaloweza pamndandanda, mawa Abuja ndi Accra asokonekera. Koma yambani ndi kwathu: likulu linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali kukokera chitukuko pakati ndi kumpoto. Mukafunsa kuti ndani winanso anachita zotere, nkhani imayamba kudzimanga yokha. Tanzania inagamula mu 1973 zosamukira ku Dodoma, pakati pa dziko, ngakhale kusamuka kwenikweni kunatenga zaka zambirimbiri. Nigeria inachoka ku Lagos kupita ku Abuja mu 1991, kufuna malo apakati omwe sangaoneke ngati a mtundu umodzi mwa mitundu ikuluikulu, komanso kuthawa kuthithikana kwa mu Lagos. Côte d'Ivoire inasankha Yamoussoukro mu 1983, kwawo kwa mtsogoleri wa nthawiyo Félix Houphouët-Boigny, ndipo apa aliyense atha kudziganizira yekha chifukwa chake. Anzathu a ku Zambia anatsogola kalekale, mu 1935, atsamunda atachotsa likulu ku Livingstone kulipititsa ku Lusaka. Zaka zisanu izi sindinakhale pansi kuziloweza. Zinakhazikika chifukwa chilichonse chagwirana ndi chinzake, ngati mitanda ya denga.

Apa m'pamene ndimaona kuti mpikisano uja unali ndi phindu lomwe mayeso athu alibe. Pokhala wa maiko angapo, wophunzira wa ku Mzuzu kapena ku Zomba sakadadalira za kwawo zokha. Ankayenera kudziwa mitsinje ya ku Ghana, atsogoleri a ku Uganda, alembi a ku Nigeria, kuphatikizapo sayansi, masewero ndi mbiri ya dziko lonse. Kunena zoona, ambirife timadziwa bwino matimu a mpira a ku England kuposa zigawo za Mozambique, dziko lomwe latizungulira mbali zitatu. Funsani anzanu kuti Niassa, Tete ndi Zambézia ndi chiyani, muone nkhope zawo.

Chovuta kwambiri pagulu lathu chapezeka kuti si kuyankha koma kupeka funso. Funso labwino limafuna yankho limodzi lokha, ndipo kuti utsimikize zimenezo umayenera kuwerenga kuposa amene adzayankhe. Mnzathu wina anabweretsa lakuti: "Likulu la South Africa ndi liti?" Tinakangana mpaka tiyi kuzizira, chifukwa boma limakhala ku Pretoria, nyumba ya malamulo ku Cape Town, ndipo Bloemfontein imawerengedwa ngati likulu la makhoti, pomwe khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko lili ku Johannesburg. Funsolo tinalitaya, koma palibe mwa ife amene adzaiwale mizinda inayiyo.

Tsopano aliyense amabwera ndi mafunso ake ochokera pa mutu womwe tikuphunzira sabata imeneyo, ndipo funso likapezeka ndi mayankho awiri, mwini wake ndiye amataya mapointi.