Sopo, malonje ndi gusheshe yanga

Galimoto ija ndinagula kwa alamu anga a ku Joni. Ndi BMW 325i ya 1989, ija amati E30, ya zitseko ziwiri. Inapangidwa ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria, ndipo kuno inabwera yoyenda ndi matayala ake, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kulowa pa Mwanza. Pondipatsa makiyi, alamu anati kumeneko anyamata amaitchula kuti gusheshe, ukamadutsa amakuimbira likhweru. Kuno ku Bangwe palibe anandiimbirapo likhweru. Anthu ankangofunsa kuti kumbuyoko kumalowa matumba angati a chimanga.

Injini inalibe mlandu. Masilinda 6 aja akalira, mtima unkachita kuzizira. Vuto linali kumiyendo yakutsogolo. Ndikaponda hampu kapena dzenje, kunsi kunkamveka gu! gu! ngati wina akusinja. Ndikagwira mabuleki pa liwiro la 80, chiwongolero chinkanjenjemera ngati munthu wamalungo. Amakaniko a pafupi ndi kwathu, bambo achikulire osathamangira kulankhula, anaikweza pa jeke, n'kugwedeza tayala, n'kunena kuti ma control arm onse awiri, zitsulo zogwira matayala akutsogolo, atha pamodzi ndi mabushi ake a labala. Atatchula mtengo wa ntchito ndinaseka.

"Bambo, ndalama zonsezo kumasula manati asanu okha mbali imodzi?"

"Chabwino bwana, kamasuleni."

Anandibwereka masitandi awiri ndi chitsulo cha mano awiri chonga foloko, osandilipiritsa ngakhale tambala. Munthu wanzeru akanadabwa ndi ufulu umenewo.

Zipangizo zinabwera pa basi kuchokera ku Joni. Control arm ya galimoto imeneyi ndi chitsulo chopindika ngati chikwakwa. Ili ndi ma ball joint awiri, mfundo zotembenuka ngati ya m'chiuno mwa munthu: wapakati amalowa m'chitsulo chopingasa chimene chimanyamula injini, wakunsonga amagwira mwendo wa tayala. Kumchira kuli msomali wonenepa kuposa chala chachikulu, umene umalowa mu bushi ya labala. Bushiyo imakhala m'kachitsulo kozungulira kokhala ndi chogwirira, ndipo amakatchula kuti lollipop chifukwa kamafanana ndi switi wapakamtengo uja.

Ndinasankha Loweruka chifukwa mayi a kunyumba anali atandiuza kuti apongozi akubwera Lamulungu kuchokera ku Tsangano. Ndinkafuna kukawachingamira ku Limbe pa gusheshe yosagunda, aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba.

M'mamawa ndinavala kakabudula kanga kong'ambika kampira, malaya osavala, n'kulowa pansi. Nati wa ball joint wapakati anamubisa pamalo poti dzanja likalowa, maso saona, maso akaona, dzanja sililowa. Sipanala inkatembenuka pang'ono ngati chikhadabo, ndiichotse, ndiibwezere, ndikhotetsenso. Maola awiri anathera pa nati mmodzi, ndipo khungu la zala zanga zitatu linatsalira komweko. Nati atachoka, ball joint anakana kutuluka. Zaka zonsezi anali atakwatirana ndi chitsulocho ukwati wa mtchalitchi. Ndinalowetsa foloko ija n'kuyamba kumenya ndi hamala. Kamodzi, kakhumi, kamakumi atatu. Kenako phaa! Galu anathawira kuseri kwa bafa, aneba anasuzumira pampanda kufunsa ngati kwaphulika tayala, ine ndili chagada, chikwakwa chakale chili pachifuwa.

Pofika masana zakale zonse zinali pansi, zatsopano zitalowa m'malo. Kunatsala kuveka ma lollipop pa misomali ija. Apa m'pamene pali lamulo limene amakaniko anandibwerezera kawiri, alamu n'kudzandibwerezeranso pa foni. Bushi imalowa mothina kwambiri, choncho msomali umafunika kuuterereretsa. Girisi kapena oilo n'zoletsedwa, chifukwa siziuma ndipo labala sangagwire. Umapaka madzi a sopo. Ukaveka, uli ndi mphindi pafupifupi 30 zoti umange mabawuti, ubwezere matayala, utsitse galimoto iime ndi kulemera kwake. Sopo akauma, labala amamata pomwe wamupezera. Akamatira galimoto ili m'malere, ukaitsitsa amapotoka ndipo sachedwa kung'ambika.

Ndinaba sopo wotsukira mbale kukhitchini, ndinaika foni pa njerwa kuti ndiziona nthawi, n'kupaka msomali wakumanja mpaka thovu. Ndinakankha lollipop ndi manja awiri, phazi litaponda sitandi, ndikupotokola uku ndi uku. Inayamba kulowa. Itafika theka, ndinamva pageti:

"Odi kuno!"

Mawu amenewo ndimawadziwa ngakhale ndili m'tulo. Apongozi anali atapeza lole ya mbatata ya kachewere yobwera ku Limbe, ndiye anaona kuti kudikira Lamulungu n'kuwononga ndalama ya minibasi. Sanabwere okha. Anali ndi alongo awo, atsibweni a mayi a kunyumba, amenenso ndi ankhoswe athu. Kumbuyo kwawo mnyamata wa kabaza atasenza thumba la mbatata, nkhuku yamoyo ili m'manja mwa apongozi.

Chimene anayamba kuona pa mkamwini wawo ndi miyendo iwiri yotuwa itatuluka pansi pa galimoto, ndi kabudula wong'ambika pamalo posayenera. Apongozi anatembenukira kumpanda n'kuyamba kuyamikira maungu a aneba, n'kuwayang'anitsitsa ngati sanaonepo dzungu chibadwire. Ndinakwawira mbali ina, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba chowerama, kukavala thalauza ndi malaya. Foni inati zatha mphindi 6.

Amene anakulira kwathu kuno akudziwa kuti malonje sathamangitsidwa. Mphasa inayalidwa, atsibweni anapatsidwa mpando. Ndinanyonyomala chapatali ndithu n'kuwomba m'manja, thovu la sopo n'kuthovokera pathalauza. Ndinapereka moni kwa atsibweni, iwo n'kubweza. Kwa apongozi, iwo n'kubweza. Mayi a kunyumba anayambanso pachiyambi. Ana atatu, mmodzimmodzi. Kenako atsibweni anakonza pakhosi n'kuyamba ulendo: mmene anadzukira tambala woyamba, mmene lole inachedwera kupakira, mmene anaimira pa Balaka, pa Zalewa, pa Lunzu. Ine maso ali pa gusheshe. Dzuwa linali litapendekera ndendende pa tayala lakumanja, ndipo ndinkachita kuona m'maganizo thovu langa likuphwa kamodzikamodzi.

Atafika pa Lunzu ndinati tapulumuka. Pomwepo apongozi anawakumbutsa kuti aiwala za maliro a kumudzi woyandikana nawo. Ulendo unabwerera ku Tsangano.

Ndinayesa kudzuka mwaulemu. "Pepani atsibweni, ndikangoona kaye sopo."

"Sopo?"

"Eya, angaume."

Atsibweni anayang'ana mayi a kunyumba, mayi a kunyumba anayang'ana pansi. "Khalani pansi akamwini, sopo sathawa." Ndinakhala. Thobwa linabwera.

Nditabwerera pansi pa galimoto panali patapita ola ndi theka. Lollipop inali pomwe ndinaisiya, theka mkati, theka kunja, mabowo a mabawuti ali patali ndi pamalo pake ngati zala ziwiri. Ndinakankha, osasuntha. Ndinakoka, osasuntha. Ndinathira sopo wina, koma ankangoyenderera pamwamba n'kumandidonthera m'maso. Ndinatenga hamala. Labala samenyedwa, abale anga. Hamala inadumpha n'kubwerera kudzandipatsa moni pachipumi. Atsibweni, amene tsopano anali atakokera mpando pafupi, anati ngolo yawo ikavuta chonchi amathira mafuta ophikira.

Madzulo ndinapita kwa amakaniko chipumi chitatupa. Sanandiseke. Anangofunsa kuti, "Alendo?" Anabwera ndi chokokera cha mano atatu, koma bushi inatuluka itang'ambika pakati. Ina inayenera kuchokeranso ku Joni, ndipo alamu anati basi yodalirika inyamuka sabata yamawa.

Gusheshe inakhala pa masitandi masabata awiri. Nkhuku ija, imene ana anakana kuti iphedwe, inapeza kuti malo a tayala lakumanja ndi abwino kugonamo. Apongozi ndinawaperekeza ku Limbe pa minibasi, chikwama chawo chili pamiyendo panga.

Bushi itafika ndinawaitana amakaniko n'kuwalipira mtengo womwe uja ndinauseka, kuwonjezapo ya chokokera. Asanapake sopo anatuma mwana wanga wamkulu kukaima pageti, n'kumulamula kuti aliyense wobwera amuuze kuti bambo ake ali ku Joni. Mbali zonse ziwiri zinatenga mphindi 20, galimoto ili pansi. Mawa lake ndinakaiwongoletsa matayala, chifukwa chiwongolero chinali chitaloza ku Thyolo galimoto ikupita ku Limbe. Kugunda kuja kunatheratu.

Mwezi watha mlamu wanga wamng'ono anabwera kuchokera ku Tsangano. Asanakhale n'komwe pansi anapempha kuti aone galimoto ija. Anaizungulira, n'kugwada, n'kusuzumira kunsi nthawi yaitali. Akuti kumudzi konse kwamveka kuti mkamwini wa ku Blantyre amachapa galimoto yake ndi sopo wa mbale kunsi kokhakokha, pamwamba n'kusiya fumbi.