Gulupu yathu ya a 1993

Nyengo ya magraduweshoni ikafika foni yanga siipuma. Tili ndi gulupu ya pa WhatsApp ya ife amene tinatsiriza pa yunivesite ya UNZA ku Lusaka mu 1993, ndiye m'mawa uliwonse ndi zithunzi zokhazokha, uyu mwana wake wavala gauni ati manje ndi dokotala, uyu amukweza pa ntchito, uyu chilanga mulilo cha mwana wake wamkazi mapoto mbwee, wina ali ku Gaborone chipitire cha m'ma 90 akutionetsa mdzukulu wachitatu. Mitu yonse dazi, azimayi aja tinkawaopa ku hositelo ya atsikana ya October lero ndi agogo, ndipo nkhani ikatha timayamba kufunsana za mankhwala a BP ndi shuga.

Ine sindidana nazo ayi, nanenso ukwati wa mwana wanga ndinaponya zithunzi mpaka anthu anatopa.

Koma ana a masiku ano sadziwa kuti gulu lathu linatuluka nthawi yoipa bwanji. Tinalowa Kaunda akulamulira, tinatuluka kuli Chiluba. June wa 1990 mtengo wa unga utakwera tauni yonse inayaka, kenako m'mawa wa pa 30 tinamva msilikali Luchembe pa wailesi ati asilikali atenga boma, anthu kuvina mumsewu, dzuwa lisanafike pamutu nkhani yatha. Nthawi imeneyo tonse tinkadziwa kuti digiri ikangobwera ntchito ikudikira ku kampani ya migodi ya ZCCM kapena ku kampani ina ya boma, nyumba ndi galimoto pompo. Potuluka tinapeza makampani aja akugulitsidwa, Zambia Airways inatsekedwa December 1994, anthu kuchotsedwa ntchito ngati nkhuku za chitopa. Pamwamba pa izo matenda aja. Loweruka lililonse tinali ku manda a Leopards Hill kapena a Chingwere, ndipo ena amene tinajambulitsa nawo pa Goma Lakes pa yunivesite paja sanafike ndi zaka 35 zomwe.

Mu gulupu muli munthu mmodzi amene salankhula. Tinkagona chipinda chimodzi ku mahositelo akale a Ruins, mnyamata wa ku Katete, masamu anali ngati madzi akumwa kwa iye, theka la ife tinakhoza chifukwa cha manotsi ake. Tinkaphika kapenta pa kastovu kamodzi, iye ndiye wa nsima chifukwa yanga inkatuluka ndi mibulu. Amawerenga zonse, ukaona pa info dzina lake lilipo, koma olo kachala kokweza saika. Pokhapo pakagwa maliro, ndiye woyamba kutumiza K100 yake kwa tirezhara, osanena kanthu.

Mwezi watha madamu anandituma ku Soweto Market m'mamawa kukagula tomato wa bokosi, kunali kitchen party ya mwana wa mlamu wanga. Ndikuzemba matope ndi mawilibala ndinangomva "aise, ukali moyo?" Kucheuka, ndi iye, wavala gambutsi ndi kapu yakutha, akutsitsa mabokosi mu Canter. Tinakumbatirana pakati pa njira anyamata a mawilibala akutitukwana.

Tinakhala pa mabokosi opanda kanthu. Kampani imene inamulemba titangotsiriza inagulitsidwa, anapatsidwa kandalama kosakwana ndi puloti yomwe, anakaphunzitsa masamu ku sekondale ina kum'mawa mpaka anapuma ali ndi zaka 55, manje amalima tomato ndi kabichi ku Chongwe. Ana ake ndi atatu. Koma achimwene ake ndi mlongo wake anamwalira motsatizana ndipo anamusiyira ana asanu, onse analowa m'nyumba ya ticha ya zipinda ziwiri. Anandiwerengera pa zala, uyu ndi ticha, uyu makanika, uyu ali ndi kashopu ku Chipata, mmodzi anasokonekera ndi mowa ndipo pamenepo anakhala kaye chete. Kenako anatulutsa foni yosweka galasi nkundionetsa wotsiriza, mtsikana amene anamutenga akuyamwa, wavala zoyera za unesi, iye ali pambali mu suti yomwe ndikukhulupirira ndi ija anavala pa graduweshoni yathu.

Ndinati aise, ichi ndiye choika pa gulupu. Anaseka. "Ah iwe, muja ndi mwa mabwana, ine ndiikemo chani, tomato?"

Sindinamuuze kuti bwana amene amamuona pa zithunzi nyumba yake ya ku Chalala yakhala zaka 11 isanathe, kuti malata ndinakhoma ndi 20 peresenti ija ya penshoni ya NAPSA tinaloledwa kutapa mu 2023, ndipo mpaka lero loni ya ukwati uja ikundidula. Mwina ndikanamuuza. Pakamwa panalemera.

Bokosi la tomato anakana kuti ndilipire, tinalimbana mpaka anandibwezera ndalama m'thumba la shati. Ndinamupempha anditumizire chithunzi chija, anatumiza madzulo ndi mawu akuti usaike muja.

Usiku womwewo gulupu inali pa mkangano wa riyuniyoni, ena akufuna loji ya ku Siavonga ena akuti Livingstone, K1,500 munthu mmodzi kupatula mayendedwe. Ndinayang'ana amene awerenga, dzina lake linalipo.