Sabata ya makadi a mayeso

Ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za ophunzira pa yunivesite ina kuno ku Mangochi. Sabata yathayi inali yomaliza mayeso asanayambe, nthawi imene chitseko changa sichitsekedwa. Ndi Okutobala, ndipo kutentha kwa kuno kumayamba dzuwa lisanakwere n'komwe. Lolemba pofika 7 koloko mzere unali utafika kale pamtengo wa nimu umene uli panja, aliyense akudzikupiza ndi kope.

Onse ankafuna khadi lolowera m'chipinda cha mayeso. Lamulo lathu limati amene sanamalize fizi salemba. Ine lamuloli sindidana nalo. Sukulu imalipira aphunzitsi, madzi, magetsi ndi mafuta a jenereta, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe chimene chinatsala pamtengo wakale. Koma lamulo amalilemba anthu atakhala pansi m'chipinda chozizira, pomwe ine ndi amene ndimaliwerengera mwana wa munthu ataima patsogolo panga, maso ali jegwejegwe ndi misozi.

Lachiwiri masana kunalowa mtsikana wa chaka chachiwiri, kwawo ku Makanjira, bambo ake ndi msodzi wa usipa. Ananyamula envulopu yakuda ndi thukuta la m'manja. Anagwada pang'ono pafupi ndi desiki n'kunena chapansipansi kuti, "Mayi, ndithandizeni. Ku akaunti akuti ndibwere kuno, kuno dzulo anati ndipite ku akaunti." Mu envulopumo munali kalata yosonyeza kuti analandira ngongole ya fizi ku HESLGB, bungwe la boma limene lakhala likubwereketsa ophunzira ndalama kuyambira 2015. Koma pa kompyuta yathu ankaoneka ngati sanalipire olo tambala.

Ndinamuuza akhale pampando, n'kuyala mapepala ake onse patebulo. Ndinawayang'ana kawiri osaona kanthu. Kachitatu ndi pamene ndinazindikira kuti dzina lake pa satifiketi ya MSCE ndi la pa chiphaso cha unzika zikusiyana chilembo chimodzi. Ife tinamulembetsa potsatira satifiketi, pomwe mndandanda wa ngongole unatsatira chiphaso. Ndalama zinafika kalekale, zinangosowa mwini wake m'mabuku mwathu. Vutoli kuno ndi lofala. Mayina ambiri a Chiyao ndi ochokera ku Chiarabu aphunzitsi a ku pulayimale ankangowalemba mmene awamvera, ndiye pamene anthu ankajambulitsa ziphaso mu 2017, ena anawalembetsa mwina. Mwana amakula ndi mayina awiri osadziwa, mpaka tsiku limene kompyuta yamukana.

Sindinaweruke msanga tsiku limenelo. Ndinatenga mndandanda wonse wa amene makadi awo anaimitsidwa n'kumaufananitsa ndi mafayilo, mmodzimmodzi, magetsi atazima, ndikuunikira ndi foni. Ndinapezamo ena asanu ndi mmodzi a vuto lomwelo. Chimene chinandiwawa n'chakuti awiri mwa iwo sanabwere n'komwe kudzadandaula. Anangovomereza kuti basi zawakanika, ndipo mmodzi anali atayamba kale kulongedza katundu.

Lachitatu tinakhala pansi: a rejisitala, mkulu wa zachuma, ine, ndi pulezidenti wa bungwe la ophunzira. Mkulu wa zachuma si munthu wouma mtima, koma anali ndi mantha ake. "Mayi," anatero, "tikatsegula khomo limeneli, mawa aliyense abwera ndi kalata." A rejisitala nawo anakumbutsa kuti a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, akabwera kudzayendera amafuna mabuku olongosoka, ndipo kusintha dzina la wophunzira si nkhani yongofufuta ndi cholembera. Zonsezo n'zoona. Ine ndinangoti kulakwitsaku kwachitikira m'nyumba mwathu, ndiye sikoyenera kuti mwana ndi amene alipire ndi chaka chake chonse. Ndinapempha kuti amene ali ndi kalata ya ngongole, ndipo nambala ya chiphaso chake ikugwirizana ndi ya pamndandanda, alembe mayeso, zotsatira zake tizisunge mpaka mabuku atakonzedwa. Tinakambirana mpaka nthawi ya nkhomaliro kudutsa. Pamapeto anavomera, koma kwa semesita ino yokha. Kuti likhale lamulo lokhazikika liyenera kukadutsa ku seneti, komiti yaikulu yoona za maphunziro pa yunivesite, ndipo ndalonjeza kulemba pepala lake mwezi uno usanathe.

Lachinayi linali loona ndondomeko ya masiku ndi nthawi za mayeso. Wina anaika pepala lina Lachisanu 12 koloko, nthawi imene ophunzira athu ambiri amapita ku mzikiti kukaswali, ndi lina Loweruka m'mawa, a Seventh Day ali ku tchalitchi. Onse awiri tinawasuntha popanda mkangano.

Lachisanu m'mawa ndinakwera kabaza kupita ku Mpondasi kukakumana ndi eni nyumba amene amachititsa lendi ophunzira athu. Mzuzu University isanatsegulidwe mu 1999, dziko lonse linali ndi yunivesite ya boma imodzi yokha, ndipo wosankhidwa ankapeza bedi ndi chakudya zikumudikira. Lero mayunivesite achuluka, ophunzira achuluka, koma mahositelo sanakule nawo. Ambiri athu amagona m'makomo mwa anthu, awiri kapena atatu m'chipinda chimodzi, ndipo zimene zimawachitikira kumeneko zimadzathera pa desiki yanga.

Tinakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango kwa a mfumu. Ine ndinabwera ndi zanga: zimbudzi zokhala ndi zotsekera, madzi osamba m'manja pakhomo, maloko pazipinda za atsikana, komanso kuti lendi asamakwere pakati pa semesita. Nkhani ya zimbudzi palibe anatsutsa, chifukwa kolera wa 2022 mpaka 2023 anthu a kuno sanamuiwale, ndipo mvula ili pafupi. Koma nawo anali ndi zawo. Mayi wina wachikulire anati ana athu amaimba wailesi mpaka pakati pa usiku, amadutsa akuluakulu osapereka moni, ndipo pamudzi pakagwa maliro amangotseka chitseko. A mfumu anamvetsera onse, kenako anandiyang'ana. "Mayi, anawa mukawatumiza kuno ndi ana athu. Koma muziwauza kuti abwera pamudzi." Ndinawayankha kuti, "Zamveka, a mfumu," ndipo tinagwirizana kuti ophunzira atsopano akamafika, tsiku limodzi la sabata yowalandira a mfumu ndi a shehe azibwera kudzawalankhula okha.

Nditabwerera ku ofesi ndinapeza mtsikana wa ku Makanjira uja akudikira. Analandira khadi lake ndi manja awiri, n'kuliwerenga dzina kawiri asanatuluke.

Kumbuyo kwake kunali mnyamata wa chaka chachitatu. Iyeyu sanalandire ngongole ya HESLGB, anapempha koma sanapeze mwayi, ndipo amalume ake amene ankamulipirira kuchokera ku Johannesburg ntchito inawathera. Watsala ndi theka la fizi. Ndinafufuza paliponse pamene lamulo lingamulole, ndinaimbiranso mkulu wa zachuma, koma panalibe. Chimene ndinatha ndi kumulembera kalata yoimitsa kaye maphunziro, kuti malo ake asungidwe ndipo asalembedwe ngati wolephera. Anasainira, anapinda kalatayo kanayi n'kuiika m'thumba la malaya. Anandifunsa kuti akapeza ndalama adzabwere liti, ndipo ndinamulembera tsikulo kuseri kwa envulopu pamodzi ndi nambala ya ofesi.