Pikapu ikakhala pansi kumbuyo, yambani ndi tepi yoyezera musanagule masipuling'i

Pikapu yonyamula matumba 30 a chimanga imadziwikira patali: kumbuyo kwagwada, mphuno yaloza kumwamba, ndipo usiku nyali zake zimathobwa m'maso aliyense wobwera kutsogolo. Eni ake ambiri akaona zimenezi amathamangira kwa makaniko kuti awawonjezere ma leaf, zitsulo zosanjikizana zija za masipuling'i a kumbuyo. Nthawi zina amakhoza, koma kawirikawiri ndalama zimapita vuto lili pomwepo, chifukwa kugwada kwa galimoto kuli ndi magwero atatu osiyana: katundu wachuluka, katundu waikidwa polakwika, kapena masipuling'i atopa. Lililonse lili ndi mankhwala ake.

Yambani ndi kuyeza. Imikani galimoto pamalo osalala ilibe kanthu, matayala ali ndi mpweya woyenera. Yezani kuchokera pakati pa gudumu mpaka m'mphepete mwa bodi pamwamba pa tayala, mawilo onse anayi, n'kulemba papepala. Musayeze kuchokera pansi, chifukwa tayala likaphwa pang'ono limakunamizani. Pikapu yabwinobwino ikakhala yopanda katundu, kumbuyo kumakhala kotukuka pang'ono kuposa kutsogolo. Anaipanga dala choncho kuti ikasenza ifike pofanana. Kenako pakirani katundu amene mumanyamula masiku onse, muyezenso. Mukatero gwadani muyang'ane kamphira kolimba kamene kali pakati pa chasisi ndi ekiselo. Ngati kakugunda kale galimoto itangoima, kapena pamene kamagunda pali pong'azimira ngati popukutidwa, masipuling'i afika pothera ndipo bampu iliyonse ikulowa molunjika m'chasisi. Ngati mbali imodzi yatsika kuposa inzake galimoto ilibe kanthu, kaikirani leaf yothyoka.

Za kulemera, nambala zake zili pakachitsulo kapena kapepala kamene kamamatidwa pafelemu ya chitseko kapena m'boneti. GVM ndiye kulemera konse kololedwa: galimoto, mafuta, anthu ndi katundu. Ma Hilux, Hardbody, Isuzu KB ndi Ranger a chipinda chimodzi amanyamula pafupifupi tani imodzi, a zipinda ziwiri nthawi zambiri amachepera pamenepo. Tani imodzi ndi matumba 20 okha a makilogalamu 50, kaya ndi chimanga, feteleza kapena simenti. Ndipo m'tani imeneyo muchotsemo dalaivala, womuthandiza, kanopi, zitsulo za m'mbali ndi anthu atatu aja akhala pamwamba pa matumba. Mupeza kuti matumba enieni ndi ochepa kwambiri kuposa 20. Madzi nawo amapusitsa: lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye migolo inayi ya malita 200 ndi makilogalamu 800, osawerengera migoloyo.

Poika katundu m'pamene pali phindu laulere. Cholemera chilichonse chikhale pansi, chotsamira kukhoma la kuchipinda cha dalaivala, kutsogolo kwa ekiselo kapena pamwamba pake penipeni. Chimene chili kumbuyo kwa ekiselo chimakhala ngati munthu wolemera wakhala kunsonga kwa thabwa lotsamira pamwala: chimapsinja kumbuyo n'kunyamula kutsogolo. Pa pikapu ya zipinda ziwiri vutoli ndi lalikulu, poti mbali yaikulu ya bodi ili kale kumbuyo kwa ekiselo. Kungosuntha matumba asanu kuchoka kuchitseko cha kumbuyo kupita kutsogolo kumaoneka pa tepi nthawi yomweyo.

Mukamakoka ngolo, masamu ake ndi omwewo koma amaluma kwambiri. Tengani Hilux: pakati pa mawilo a kutsogolo ndi a kumbuyo pali mamita 3.085, ndipo kampira kachitsulo kokolekapo ngolo tinene kuti kali mamita 1.2 kumbuyo kwa ekiselo. Ngolo ikatsamiritsa makilogalamu 200 pa kampirako, ekiselo ya kumbuyo simalandira 200 ayi, imalandira pafupifupi 278, ndipo 78 enawo achoka ku mawilo a kutsogolo. N'chifukwa chake chiwongolero chimapepuka ngati chili m'madzi, ndipo mabuleki a kutsogolo, amene amagwira ntchito yaikulu, amataya mphamvu yogwira msewu. Kulemera kwa pakampira kukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a ngolo yonse, koma kusapyole nambala yolembedwa pa chitsulo chokokeracho. Musachite kusunthira katundu yense kumbuyo kwa ngolo kuti galimoto idzuke. Ngolo yopepuka kumphuno imayamba kuvina liwiro likakwera, ndipo ikavina potsika Chiweta kapena Golomoti simungaigwirenso. Ngolo yaing'ono mutha kuyeza ndi sikelo yoyezera chimanga: ikani chipika pasikelo, mphuno ya ngolo itsamire pachipikacho pa msinkhu womwewo wa kampira. Kwa ngolo zazikulu kuli zokokera za mikono iwiri yachitsulo zimene zimabwezera kulemera kwina ku mawilo a kutsogolo, koma si chokokera chilichonse chimalola zimenezi, ndiye werengani buku la galimoto yanu kaye.

Ngati kulemera kuli m'malire, katundu waikidwa bwino, koma galimoto ikugwadabe, tsopano tilowe kunsi. Tsukani matope ndi kuyang'ana leaf iliyonse. Mng'alu umakonda kuyambira pafupi ndi bawuti ya pakati kapena pamaso, nsonga zopindidwa zija, a leaf yaikulu, ndipo umadziulula ndi kamzere ka dzimbiri lofiira. Onani ngati ma leaf asomphoka pamzere, chizindikiro chakuti bawuti ya pakati yaduka kapena ma U-bolt, mabawuti opindika omangira masipuling'i ku ekiselo, akhwepa. Onani mabushi, mphira za m'maso a leaf: akatha, galimoto imalira kuti gu! pabampu ndipo kumbuyo kumayenda mopendama. Leaf imene yaongoka kapena yayamba kupindikira kunsi galimoto ilibe katundu, yatha ntchito.

Pano pali njira ziwiri zimene zimakopa chifukwa n'zotchipa, ndipo zonse sindizivomereza. Yoyamba ndi kuwotcherera leaf yothyoka. Chitsulo cha sipuling'i chinakhwimitsidwa ndi moto woyezedwa, ndiye kutentha kwa wowotcherera kumachiononga, chimadzathyokanso pambali pa chilondacho. Yachiwiri ndi kupinda ma leaf ndi hamala kuti abwerere m'chimake. Galimoto imadzukadi, mwini wake n'kusangalala, koma chitsulo chotopa sichichira ndi kumenyedwa, pakapita miyezi yochepa yagwadanso. Masipuling'i otopa asinthidwe mbali zonse ziwiri pamodzi. Ma shock atsopano nawo sadzutsa galimoto, ntchito yawo ndi kuletsa kunjanja, osati kusenza. Zipika zokwezera ndi ma shackle ataliatali, zitsulo zolumikiza nsonga ya sipuling'i ku chasisi, zimakweza bodi koma sizilimbitsa kanthu.

Kwa amene amanyamula zolemera tsiku ndi tsiku, kuwonjezera leaf imodzi mbali iliyonse kapena kuika masipuling'i olimbirapo n'kwanzeru. Leaf yowonjezera ifanane ndi zinzake m'lifupi, ilowe pamalo ake motsata kutalika, yaitali pamwamba, yaifupi pansi. Pamafunika bawuti ya pakati yatsopano yotalikirapo ndi ma U-bolt atsopano. Akalewo anatamuka kale pomangidwa koyamba, sagwiranso bwino. Tsamiritsani chasisi pa zoimikira zachitsulo, osati pa jeke yokha kapena njerwa. Musanamasule bawuti ya pakati, panani ma leaf ndi zopanira ziwiri, apo ayi adzakufwanthukirani kumaso. Manati a ma U-bolt amangidwe mopingasa, pang'onopang'ono, ndi sipanala yoyeza mphamvu malinga ndi buku, ndipo muwabwerezenso mutayenda makilomita mazana angapo chifukwa ma leaf amakhazikika. Mabawuti a mabushi amangitsidwe galimoto itatsika pa mawilo ake. Mukamangitsa ili m'malere, mphira umapotoka ikangotsika n'kung'ambika msanga. Dziwaninso kuti galimotoyo ikakhala yopanda kanthu idzakhala yowuma, ndipo pamsewu wa mabampu ang'onoang'ono kumbuyo kudzadumphadumpha.

Chinthu chimene ngakhale amakaniko ena amaiwala: ma pikapu akale opanda ABS, makina oletsa mawilo kukhwekhwereza pomanga mabuleki, ali ndi kavavu ka mabuleki pamwamba pa ekiselo, kolumikizidwa ndi kandodo. Kamazindikira katundu poona mmene bodi yatsikira, n'kuwonjezera mphamvu ya mabuleki a kumbuyo. Mukalimbitsa masipuling'i, kavavuko kamaganiza kuti galimoto ndi yopanda kanthu pamene yasenza tani, ndiye mabuleki a kumbuyo amagwira mofooka. Kavavuko kakonzedwe molingana ndi msinkhu watsopano.

Kwa amene lero ayenda opanda kanthu, mawa akoka ngolo, zikwama za mpweya monga za Firestone kapena Air Lift zimayenera bwino, poti mumapopa pofuna ndi kuphwetsa pomaliza. Zambiri zimafuna mpweya wosachepera 5 psi (muyeso wa mphamvu ya mpweya) nthawi zonse kuti zisatsinidwe, ndipo malire ake ndi 100 psi, koma musayandikire n'komwe kumeneko. Popani kuti galimoto ingofika pofanana, osati kuti ibwerere pamene imakhala ilibe katundu. Chikwama chimakankha chasisi pamalo amodzi, pomwe sipuling'i imagawa katundu kunsonga zake ziwiri. Chikwama chopopedwa kwambiri, katundu wolendewera kumbuyo ndi dzenje limodzi lalikulu, ndizo zimapinda chasisi kuseri kwa chipinda pa ma pikapu a zipinda ziwiri. Chikwama chilichonse chikhale ndi paipi ndi vavu yakeyake. Mukazilumikiza ndi paipi imodzi, pakona mpweya umathawira mbali yopepuka ndipo galimoto imapendekeka kwambiri. Mapaipi adutse kutali ndi ekizozi, ndipo polumikizira ponse pakani madzi a sopo muone ngati pakutuluka thovu. Kulinso mphira zothandizira, monga za Timbren, zimene zimalowa m'malo mwa kamphira kaja ka pakati pa chasisi ndi ekiselo. Sizifuna mpweya kapena chisamaliro, koma simungazisinthe mphamvu.

Zonsezi sizisintha nambala ya GVM ngakhale ndi kilogalamu imodzi. Ekiselo, mabering'i, mabuleki ndi matayala ndi omwe aja. Pa tayala la 195R14C palembedwa 106/104, ndipo 106 akutanthauza makilogalamu 950 pa tayala limodzi, ndiye awiri a kumbuyo malire ake ndi 1,900, kuphatikizapo kulemera kwa galimoto yeniyeniyo. Ndipo 950 imeneyo limaikwanitsa pokhapokha litapopedwa mokwana mpweya wolembedwa m'mbali mwake. Yezani mpweyawo m'mawa matayala asanatenthe, ndipo mukamaliza kupakira, tsitsani nyali zisaloze m'mitengo.