Ubongo wanga ukuzolowera

Nditadutsa zaka 45 mkono wanga unayamba kufupika. Kuti ndiwerenge meseji pafoni ndinkachita kuitalikitsa mpaka pothera zala, nthawi zina kupempha mwana kuti aigwire ataima uko. Adokotala a maso anati si matenda, ndi kukula chabe: kagalasi kachilengedwe ka m'kati mwa diso kamalimba, ndiye sikapindikanso bwino kuti kaone zapafupi. Atandiyeza anati ndikufunika magalasi owerengera a mphamvu ya +2.00. Magalasi ndinawakanitsitsa. Ine kuoneka agogo? Ayi ndithu.

Tinagwirizana zoyesa ma contact lens a multifocal, timagalasi ting'onoting'ono tovala padiso penipeni. Timeneti timakhala ndi mizere yozungulira, pakati poonera pafupi, cha m'mbali poonera patali, ndipo diso limalandira zithunzi zonse ziwiri nthawi imodzi. Wosankha chofunika ndi ubongo. Asanandipatse, anandiveka chimakina kumutu choyerekezera mmene ndizidzaonera, ndipo zilembo za pakhoma zinabwera chilichonse ndi kamthunzi kake.

"Musade nkhawa, bambo," anatero adokotala. "Poyamba zimatero. Ubongo uzolowera pang'onopang'ono."

Mawu amenewa ndi amene anandipweteketsa.

M'mawa mwake ndinavala ndekha, mothamanga, misozi ili chuchuchu. Diso lamanzere linkaona monga mwa masiku onse, lamanja chifunga chokhachokha. Ndinati eya, ntchito yayambika. Ku ofesi ndinapereka moni waulemu kwa jekete lopachikidwa pampando, mpaka kulifunsa za kunyumba. Madzi ndinathira pambali pa kapu, mosamala kwambiri, ena onse akuonerera. Aliyense wondifunsa ndinkamuyankha modzidalira kuti ubongo ukuzolowera. Mnzanga wina anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Achimwene, ubongowo ukuzolowera kapena ukusamuka?"

Zoti usiku magetsi amaoneka ndi mkombero anandichenjeza kale, choncho nditaona babu imodzi yasanduka mwezi wathunthu sindinadandaule.

Chinavuta ndi povula. Ndinayamba ndi lamanzere. Kutsina, osatuluka. Kutsinanso, diso psuu, kanthu kosatuluka. Mayi a kunyumba anabwera ndi tochi ya foni, kundikanula chikope, kuunika uku ndi uku.

"Bambo, muno mulibe kanthu. Mukutsina diso lanu lenileni."

Tinasakasaka m'sinki, pansi, m'kolala ya shati. Nditatopa ndinati bola ndivule lamanja ndikagone. Kanatuluka kamodzi kokhuthala modabwitsa, ndipo nditakatikita pachala kanagawanika pawiri. Timagalasi tonse tiwiri tinaswera m'diso limodzi, titamatirirana.

Nditawaimbira adokotala anakhala kaye chete, kenako ndinamva akutsokomola moyesa kubisa phwete. Anati diso lamanja linaswera pa mphamvu yowerengera ya pafupifupi +4.00, ndipo palibe ubongo padziko pano umene ukanazolowera zimenezo. Asanadule foni anandipempha mwaulemu ngati ndingalole kuti nkhaniyi aziwafotokozera ophunzira awo, dzina langa osatchula.